Galu alibe mlandu

Ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku London kuli zipatala za ziweto komwe galu wokalamba amamugoneka pa kamatilesi, kumuveka magalasi akuda ngati woimba wa pa siteji, kenako namwino n'kumamuyendetsa kachipangizo kowala m'chiuno ndi m'mawondo. Amati laser therapy. Si lezala yometera ija, komanso si Leza wa makolo athu, ngakhale otsatsa malonda ake amayitamanda ngati inachita kutsika kumwamba. Ndi kuwala chabe, kofiira kapena kosaoneka ndi maso, komwe amati kumachepetsa ululu wa nyamakazi mwa agalu ndi amphaka. Mwini galu amalipira ulendo uliwonse, ndipo poyamba maulendowo amakhala angapo pa sabata.

Mavidiyo a zimenezi akafika m'mafoni mwathu timayamba ndi kuseka. Kuseka kukatha pamabwera mkwiyo, ndipo mawu ake sasintha: onani azungu, galu akulandira laser pomwe amayi athu ku Thyolo akutha ndi msana. Wina aponya ka emoji kolira, wina alemba kuti dziko latha, mawa lake tonse taiwala, tili pa mpira.

Ine ndine mwana wa mu esiteti. Ndinabadwira m'malayini, amayi anathyola tiyi zaka zoposa 20, bambo anali mlonda. Fizi yanga ya ku sekondale inatuluka m'dengu. Ndiye ndikamati mkwiyo umenewu ndi waulesi, sindikuyankhula ngati mwana wa ku Namiwawa amene tiyi amangomudziwira m'kapu. Ndi waulesi chifukwa ukuloza galu. Galuyo sanalembepo munthu ntchito, sanagwirepo sikelo, sanasainepo kontirakiti ya miyezi 6. Ndipo tikamamuseka galu wa magalasiyo timadzibisira chinthu china chosasangalatsa: momwe timaonera galu wokalamba pakhomo pathu ndi momwe esiteti imaonera amayi athu.

Tiyambe ndi makinawo, chifukwa ambiri amene amawatukwana ndi ambiri amene amawatamanda onse sadziwa kuti ndi chiyani.

Nkhani yake inayamba mu 1967 ku Budapest. Dokotala wina, Endre Mester, ankayesa laser yofooka pa mbewa za mu labotale zimene anazimeta ubweya, ndipo anadabwa kuona kuti zomwe anaziwalitsa ubweya unamera msanga. Kuchokera pamenepo anthu akhala akuyesa kuwala kumeneku pa zilonda, pa minofu ndi pa mafupa. Ganizo lake ndi lakuti kuwalako kukalowa pakhungu kumakafika m'timagawo ta m'maselo totchedwa mitochondria, tomwe timapanga mphamvu, ndipo kutupa ndi ululu zimachepa. Si ufiti, ndipo si bodza lenileni. Koma taganizani: nyamakazi imene tikunena pano ndi ija ya kudyeka kwa chicherewecherewe, kamnofu koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa pamene akumana. Kakadyeka, fupa limakhulana ndi linzake. Palibe kuwala kumene kumabwezeretsa kamnofu kameneko. Komanso chiuno cha galu wamkulu chili mkati, kuseri kwa ubweya, khungu, mafuta ndi minofu, ndipo kuwala kwambiri kumathera m'njira.

Umboni ulipo, koma ndi wowonda. Kafukufuku mmodzi amene amatchulidwa kawirikawiri anatuluka mu 2018 m'magazini ya madokotala a ziweto a ku Canada. Anapeza kuti agalu a nyamakazi ya m'kasukusuku amene analandira laser anatha kuchepetsa mankhwala opha ululu. Zabwino. Koma agaluwo analipo 20. Agalu 20, abale, ndi ochepa kuposa amene amasonkhana kuseri kwa butchala pa Bvumbwe. Ndipo pali vuto lina lomwe limandiseketsa. Mu 2012 akatswiri awiri a ku America, Conzemius ndi Evans, anaunika agalu otsimphina amene ankapatsidwa mapilitsi opanda mankhwala mkati. Eni agalu pafupifupi 4 mwa 10 alionse ananena kuti galu wawo akupezako bwino. Madokotala nawonso ambiri anaona chimodzimodzi. Koma chipangizo choyeza mphamvu imene galu akupondera pansi chinaonetsa kuti kwa agalu ambiri palibe chinasintha. Munthu akalipira, maso ake amaona zimene walipirira. Galu sangatsegule pakamwa kunena kuti bwana, chiuno chikadali chomwecho.

Chigamulo changa pa laser ndi chachifupi. Ingathandizeko agalu ena, ngati chowonjezera, m'manja mwa munthu amene anaphunzira. Sichiza. Ndipo yatchuka chifukwa imaoneka bwino pa kamera, osati chifukwa ikuposa zina zonse.

Zimene zimagwira ntchito ndi zosatchuka. Ku America anatsatira agalu 48 a mtundu wa Labrador moyo wawo wonse, awiriawiri a bere limodzi, mmodzi n'kumamupatsa chakudya chochepa ndi 25 peresenti kuyerekeza ndi m'bale wake. Zotsatira zinatuluka mu 2002: odya mochepa aja anakhala ndi moyo zaka pafupifupi ziwiri kuposa anzawo, ndipo nyamakazi inachedwa kuwagwira. Kuchepetsa mbale basi, palibe magalasi akuda. Onjezani pogona pofunda ndi pofewa, kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndi mankhwala a agalu enieni monga carprofen kapena meloxicam, pa mlingo umene wapereka dokotala wa ziweto.

Apa ndiime kaye, chifukwa ndikudziwa mtima wa Amalawi: wina awerenga izi apita kukatenga mapilitsi a agogo pa windo. Chonde musatero. Brufen amaboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso zake. Indocid, amene ena a inu mumathira mu ufa kuphera makoswe, mukuganiza kuti galu amutani? Mphaka ndiye ngakhale Panado mmodzi akhoza kumupha, chifukwa chiwindi chake sichitha kuwagaya mankhwalawo.

Tsono tibwere kwathu.

Mu esiteti muli agalu a mitundu iwiri. Alipo a kubangalo, onenepa, osambitsidwa ndi sopo wawowawo, amene amakwera kumbuyo kwa galimoto kupita ku Blantyre kukabayitsa. Masiku ano, tisanamizane, m'mabangalo ambiri mukukhala akuda anzathu, ndipo agalu awo ndi onenepa chimodzimodzi. Amenewo nyamakazi imawapeza chifukwa cha kukhuta. Ndiye alipo a m'malayini ndi m'midzi yopanikizana m'mphepete mwa minda ya tiyi, odya mkute ukatsala, ogona pa simenti kapena pa dothi lonyowa. Awa mafupa awo amawonongeka ndi zina: mwala wa mwana wa neba, chidendene cha munthu woledzera, njinga yamoto ya kabaza, mwendo wothyoka umene unapola wokha mokhota. Ambiri safika n'kukalamba komwe. Amene wafika timamudziwa: m'mawa amadzuka mbali imodzi kaye, amazengereza pa sitepe, amanyambita bondo limodzi mpaka ubweya kusosoka, mwana akamugwira m'chiuno amakalipa pomwe kale ankasewera naye. Chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julaye, nkhungu itakuta phiri la Thyolo masiku atatu osaona dzuwa, sadzuka n'komwe.

Ndipo ife timati chiyani? Wayamba ulesi. Wasanduka wolusa. Watha ntchito ameneyu, akungomaliza nsima. Ena amakamutaya kutali kuti asadziwe njira yobwerera. Ena amamumangirira pa mtengo kuthengo n'kumapita osacheuka. Ena amamuikira tameki mu nyama, imfa yophupha ndi kutuluka thovu, n'kumati amuthandiza.

Bambo anga anali ndi galu, dzina lake Dziwazako, amene ankapita nawo ku ulonda usiku uliwonse kwa zaka 9. Sanali pa buku la malipiro, koma aliyense ankadziwa kuti chimene chinkaopseza akuba nkhuni ndi mapaipi si chibonga cha bambo. Miyendo yakumbuyo itayamba kuuma, kapitawo wa alonda anawauza bambo kuti galu wosathamanga ndi katundu, apeze wina. Bambo anamusiya kunyumba, anamuyalira masaka awiri pafupi ndi mafuwa, ndipo anthu a m'layini ankaseka kuti madala akulera galu ngati mwana. Patapita zaka ziwiri mawondo a bambo nawo anayamba kutupa. Usiku wonse kuimirira pa mame, zaka ndi zaka, mu gambutsi. Nyengo itatha anawaitana ku ofesi n'kuwauza mwaulemu ndithu kuti mwakula bambo, kapumeni. Mawu anali ofewa kuposa amene ananenera galu uja. Tanthauzo linali limodzi.

Amene simunathyolepo tiyi mumaona zithunzi za minda yobiriwira ya Satemwa, Conforzi, Makandi kapena Naming'omba, n'kumati koma Thyolo ndi wokongola. Ndi wokongoladi, sindikana, ngakhale ine ndimajambulitsa pamenepo. Koma zitsamba zija amazidulira kuti zilekeze m'chiuno, ndiye wothyola amakhala chowerama pang'ono tsiku lonse, osati chowerama kwenikweni, osati choimirira, pakatikati pomwe msana umadana napo. Manja onse awiri akuthothola masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumbuyo, kuthothola, kuponya, kambirimbiri osawerengeka. Dengu kumsana likulemera. Pansi ndi potsetsereka, mvula ikagwa ndi poterera. Mulingo wa tsiku ndi makilogalamu oposa 40, ndipo ndalama yooneka imayamba ukadutsa pamenepo, ndiye palibe amene amaima kuti awongole msana. Kenako dengu lija ulisenze mpaka pa sikelo, uime pa mzere. Nyengo ya mvula, pamene tiyi akuphuka kwambiri, makampani a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje amalemba anthu pafupifupi 50,000. Tiyi wakhala ali m'boma lino zaka zoposa 100. Werengani nokha misana.

Amayi anga akapita ku kiliniki ya pa esiteti ankabwerako ndi kapepala kokulunga Panado ndi Brufen. Mwezi wotsatira, Panado ndi Brufen. Palibe amene anawagwirapo msana kuti aone pamene pakupweteka. Palibe amene anawauza kuti Brufen wa chaka ndi chaka amadya m'mimba ndi impso za munthu monga momwe amachitira ndi galu, kungoti pang'onopang'ono. Thandizo lenileni la mafupa otere, lowongola ndi kulimbitsa minofu, likupezeka ku Blantyre, ku Queens kapena ku Kachere, makilomita pafupifupi 40 kuchoka pa boma, ndipo amene amakhala kumunsi kwa Makwasa kapena ku Thekerani awonjezerepo ulendo wina. Si ulendo umodzi ayi, physiotherapy imafuna kubwerezabwereza. Tsiku lililonse lopita kumeneko ndi thiransipoti yotuluka m'thumba ndi makilo osathyoledwa. Amayi anapita kamodzi.

Ndiye inde, galu wa ku Johannesburg amapimidwa mosamala kuposa mmene amayi anga anapimidwira. Zimandiwawa. Koma ndalama imene mayi wa ku Sandton sanalipire laser siingakwere basi kudzera pa Mwanza kudzafika m'manja mwa wothyola tiyi. Ikagula nsapato zina. Mukaletsa laser padziko lonse mawa, ku kiliniki kuja kukhalabe Panado ndi Brufen. Amene akusunga ndalama ya msana wa amayi si mwini galu. Ndi amene amagula tiyi wathu motchipa pa okushoni ya ku Limbe, amene amalemba munthu mmodzimodziyo ngati wa nyengo chaka ndi chaka mpaka imvi, ndi amene anapatsidwa udindo wowayang'anira onsewa.

Malamulo tili nawo. Lilipo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito la 1997, lilipo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito la 2000. Makina a mu fakitale akadula chala, pali tsiku, pali ola, pali mboni, pali magazi. Koma msana umene wadyeka pang'onopang'ono kwa zaka 20 ulibe tsiku la ngozi. Umangotchedwa ukalamba, ndipo ukalamba sulipiridwa. Mu 2015 panayamba ndondomeko ya Malawi Tea 2020, yomwe cholinga chake chinali chakuti pofika 2020 wogwira ntchito mu tiyi azilandira malipiro okwanira kukhalira moyo. Zina zinasinthadi: bungwe la eni tiyi la TAML ndi la ogwira ntchito la PAWU anayamba kukhala pansi kukambirana malipiro, chakudya cha masana chinawonjezeredwa michere. Cholinga chachikulu chija sichinafikidwe. Ndipo ngakhale chikanafikidwa, malipiro a lero sawongola msana wa mawa.

Zimene ndikufuna ine si zodula kuposa laser. Dziko lino lakhala likuphunzitsa akatswiri a physiotherapy ku College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa KUHeS, ndipo ena mwa iwo ndi anzathu omwe tikuyenda nawo ndi ma envelopu m'tauni kusaka ntchito. Ma esiteti oyandikana alembe mmodzi, aziyendera makiliniki awo. Masikelo ayandikire pamene anthu akuthyola. Munthu amene wathyola zaka 15 apatsidwe ntchito yopepuka ku nazale kapena kosankha masamba, m'malo momuuza kuti akapume opanda kanthu. A PAWU, ulendo wina mukakakhala pa tebulo, nkhani ya misana ilowe m'pangano, isathere pa makwacha owonjezera pa tsiku. Ndipo inu oyendera a Rainforest Alliance ndi Fairtrade, amene zizindikiro zanu zimapangitsa mayi wa ku London kumwa tiyi ndi mtima woyera, funsaniko funso limodzi: chaka chatha ndi anthu angati amene sanabwererenso kumunda chifukwa cha msana ndi mawondo, ndipo ali kuti?

Ndikudziwa chimene ena mukunena pofika apa. Chabwino, tamva, ndiye anthu kaye, agalu pambuyo. Bwanji ukutitayitsa nthawi ndi masaka a Dziwazako? Mawu amenewa amamveka anzeru, koma dziko lomwe lino linawatsutsa kale. Chipatala cha Queens chinkalandira ana olumidwa ndi agalu achiwewe, ndipo chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabwera mu Blantyre n'kubaya katemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20. Akatswiri amati ukatemera agalu 70 mwa 100 alionse chiwewe chimasowa podutsa. Amene ankaseka kuti azungu akuwononga ndalama pa agalu sankaona kuti jakisoni wa galuyo ndi amene akuteteza mwana wawo popita kusukulu. Galu wa m'mudzi sakhala dziko lina. Amagona pa khonde lomwelo, amamwa pa chithaphwi chomwecho, ndipo galu amene chiuno chikumuwawa ndi amene amaluma mwana womukwera pamsana.

Komanso kusamala galu wokalamba sikulanda munthu kanthu. Saka lakale ndi la ndalama zingati? Kumuchotsa pa simenti, kumumasula tcheni kuti aziyenda, kuwaletsa ana kumugenda, kuyitana alangizi a ziweto pamene akuvutika kosatheka kupirira kuti amugoneke mwamtendere m'malo mwa tameki. Mwana amene wakula akuona bambo ake akukataya galu kuthengo chifukwa watha ntchito akuphunzira phunziro, ndipo tsiku lina adzakhala kapitawo, kapena mkulu wa za ogwira ntchito, kapena mwana wosunga kholo lokalamba.

Mawu omwewa apite kwa ife omaliza ku koleji, chifukwa matenda a kubangalo atigwira. Munthu akangolandira malipiro achiwiri akugula kagalu ka boerboel pa mseu, kukatsekera m'kakhola ka mita imodzi, kukadyetsa nsima ndi mafupa a ku lesitilanti, kukatulutsa usiku basi. Agalu akuluakulu amenewa ndi amene chiuno chimawavuta msanga, ndipo ambiri ogulitsa sayeza makolo awo. Pakatha zaka 6 galu akukoka miyendo, mwini wake akufunsa pa gulu la WhatsApp ngati alipo akudziwa za laser. Ndipo pa geti pa nyumba yomweyo pali madala a zaka 60 ochokera ku Thyolo kapena Mulanje, atakhala pa ndowa usiku wonse, mawondo akutupa. Ngati maso anu atha kuona kuti galu akutsimphina, si akhungu. Aguleni madalawo mpando ndi jekete, ndipo muwafunse za mawondowo.

Chomaliza, chifukwa ndikuchiona chikubwera. Makina a laser otchipa ali mbwee pa intaneti, ndipo dziko lino tinawaona kale anthu oyenda ndi laputopu ndi kachitsulo kogwira m'manja, kumauza agogo athu kuti kompyuta yapeza matenda 12 n'kuwagulitsa mabotolo. Omwewo akadzagwira kachipangizo kowala sadzapita kwa agalu, chifukwa galu wa m'malayini alibe ndalama. Adzaima pa Luchenza ndi pa Thyolo boma tsiku la malipiro, n'kumayitana amayi a misana yowawa kuti makina a ku Ulaya afika. Mukadzamuona, mufunseni kuti anaphunzira kuti, ndipo akuonetseni chiphaso cha Medical Council. Mufunseni kuti makinawo ndi a gulu liti, chifukwa ofooka kwambiri ndi tochi wamba, pomwe amphamvu aja a Class 4 amawotcha akaima malo amodzi ndipo amawononga maso ngati palibe magalasi oyenera. Mumufunsenso ngati akudziwa kuti khungu lakuda ndi ubweya wakuda zimamwa kuwala kwambiri n'kutentha msanga, ndipo mulingo wake amausintha bwanji akamawalitsa munthu wakuda.